Musanakwere Ndege: Phunziro kwa Wophunzira Wopita ku Britain

Chaka ndi chaka, mwezi wa Ogasiti ukamatha, mipingo yathu imatsanzikana ndi achinyamata amene apeza malo pa sukulu za ukachenjede za kunja. Abusa amawaitanira kutsogolo, akulu a mpingo amawapempherera, makolo amapukuta misozi ya chimwemwe. Ambiri timaona ngati ulendo wayamba tsiku limenelo, koma umakhala utayamba kalekale, pamene wophunzirayo anasankha sukulu, pamene banja linayamba kusonkhanitsa ndalama, ndiponso pamene iye anadzifunsa, kapena kulephera kudzifunsa, kuti adzatani kalasi ikadzagwera pa Sabata.

Pa ulendo wotere pali zambiri zimene zikhoza kutayika. Mabanja ena amagulitsa munda, ng'ombe kapena galimoto kuti mwana apite. Pepala limodzi likalakwika, viza imakanidwa ndipo ndalama yofunsira vizayo sibwezedwa. Ena amafika bwinobwino ndi kukhoza mayeso onse, koma pobwera amakhala atasiya chikhulupiriro komweko, osadziwa n'komwe tsiku limene chinawapulumuka. Zofunika kwambiri pa moyo wa wophunzira wa kunja zimakonzedwa akadali kwawo. M'phunziro lino titenga dziko la Britain monga chitsanzo. Amene akupita ku Kenya, ku South Africa kapena ku Philippines akapeza malamulo ndi ziwerengero zina, koma mafunso oyenera kudzifunsa ndi omwewa.

Danieli anasankhiratu

Chaputala choyamba cha buku la Danieli chimasimba za anyamata anayi a ku Yuda amene anatengedwa kupita ku Babulo m'chaka cha 605 Khristu asanabadwe. Tikawayang'anitsitsa, anyamatawa anali ophunzira a kunja. Anapatsidwa zaka zitatu zoti aphunzire chinenero ndi mabuku a Akasidi, anapatsidwa mayina atsopano, ndipo chakudya chawo chinkachokera pa gome la mfumu. Lero tikanati anapeza sikolashipu yolipira zonse.

Danieli anachita zinthu zitatu zimene wophunzira aliyense ayenera kuziganizira. Choyamba, anatsimikiza mumtima mwake za chakudya chija asanayambe kukambirana ndi munthu aliyense. Chachiwiri, sanayambitse mkangano, komanso sanangosiya kudya mwakachetechete. Anapita kwa mkulu woyang'anira, ndipo ataona kuti mkuluyo akuopa mfumu, anapita kwa kapitawo wake ndi kupempha mwaulemu kuti awayese masiku khumi okha. Anabweretsa pempho limodzi ndi njira yothetsera vuto. Chachitatu, anaphunzira molimbika, kotero kuti zaka zija zitatha mfumu inapeza kuti iye ndi anzake atatu aposa ena onse.

Danieli anatengedwa ukapolo, ndipo analibe nthawi yolongedza katundu kapena yofunsa malangizo. Chimene anafika nacho ku Babulo ndi chimene anaphunzira kwawo ali mwana. Inu muli ndi miyezi yambiri, muli ndi makolo, aphunzitsi ndi mpingo pafupi. Nthawi imeneyi ndiyo yogwiritsa ntchito.

Fufuzani sukulu musanalipire kalikonse

Boma la Britain lili ndi mndandanda wa sukulu zimene zili ndi chilolezo cholandira ophunzira a kunja, ndipo mndandandawu umapezeka kwa aliyense pa tsamba la boma la gov.uk. Sukulu imene palibe pa mndandandawo singakupatseni chikalata chofunsira viza, ngakhale zithunzi zake zitakongola chotani. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati pali munthu wokuthandizani kupeza malo, lemberani nokha ku yunivesiteyo kufunsa ngati ikumudziwa, ndipo fizi muzilipira ku akaunti ya sukulu yeniyeniyo, osati ya munthu.

Dziwaninso kuti mayunivesite ambiri a ku Britain salandira wophunzira wa MSCE mwachindunji m'chaka choyamba cha digiri. Kawirikawiri amafuna kuti ayambe wachita chaka chimodzi chokonzekera, ndipo chaka chimenecho chili ndi fizi yake. Ofuna digiri yoyamba amafunsira malo kudzera ku bungwe la UCAS, pamene ofuna digiri yachiwiri nthawi zambiri amalembera ku yunivesite yeniyeniyo. Ngakhale kuti kuno timaphunzira m'Chingelezi, Malawi sali m'gulu la mayiko amene anthu ake sapemphedwa umboni wa chinenerochi. Sukulu zambiri zimafuna mayeso a IELTS, amene zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri. Zina zimavomereza umboni wina, choncho funsani sukulu yanu musanalembetse mayeso.

Funso lina limene ambiri amaliiwala ndi lakuti: kodi pepala limene ndikatenge lidzavomerezedwa kumene ndikufuna kudzagwira ntchito? Dr. Hastings Kamuzu Banda anamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College ku America mu 1937, koma kuti aloledwe kugwira ntchito m'madera olamulidwa ndi Britain anayenera kupitanso ku Edinburgh, kumene anapeza mapepala ena mu 1941. Kuno kwathu bungwe la National Council for Higher Education ndilo limaunika mapepala a maphunziro ochokera kunja, ndipo ntchito za chipatala zili ndi mabungwe ake monga Medical Council of Malawi ndi Nurses and Midwives Council of Malawi. Afunseni musanapite. Safunsa anadya phula.

Khalani pansi muwerengere mtengo

Pa Luka 14 Yesu anafanizira kumutsata ndi munthu wofuna kumanga nsanja, amene amayamba wakhala pansi ndi kuwerengera ngati ali ndi zokwanira kuimaliza. Phunziro lake ndi la uzimu, koma chitsanzocho chikugwirizana ndendende ndi ulendo wa maphunziro.

Pofunsira viza muyenera kuonetsa kuti muli ndi fizi ya chaka choyamba imene simunalipire, kuwonjezapo ndalama zodyera ndi zogonera za miyezi 9. Mu Januwale 2025 boma la Britain linakweza ndalama imeneyi kufika pa mapaundi 1,483 pa mwezi kwa wophunzira wa ku London, ndi mapaundi 1,136 pa mwezi kwa wa kunja kwa London. Pa miyezi 9, wa kunja kwa London anayenera kuonetsa mapaundi 10,224 pamwamba pa fizi. Ziwerengerozi zimakwera nthawi ndi nthawi, choncho onani zatsopano pa gov.uk tsiku limene mukuwerengera. Palinso ndalama yofunsira viza, ndi ndalama ya chipatala imene imalipiridwiratu ya nthawi yonse ya viza, imene kuyambira mu Febuluwale 2024 ndi mapaundi 776 pa chaka kwa wophunzira.

Lamulo limene limagwetsa ambiri ndi la masiku 28. Ndalama yonse yofunikayo iyenera kukhala mu akaunti yanu kapena ya makolo anu kwa masiku 28 otsatizana, osatsikako ngakhale tsiku limodzi, ndipo tsiku lomaliza la masikuwo lisapitirire masiku 31 kuchokera pa tsiku limene mukupereka fomu. Ngati ndalamayo ili m'makwacha, amaitembenuza potengera mtengo wa tsiku lofunsiralo. Tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anali ndi ndalama yongokwanira ndendende anapezeka kuti yaperewera. Ikanipo yowonjezera, ndipo yambani msanga kukambirana ndi banki yanu za ndalama zakunja, popeza sizipezeka tsiku limene mwazifuna.

Apa pali yesero limene tiyenera kulitchula poyera. Alipo anthu amene amalonjeza kukonza chikalata cha banki chabodza, kapena kuika ndalama mu akaunti kwa mwezi umodzi kenako n'kuichotsa. Ofesi ya viza imafunsa ku banki, ndipo wopezeka kuti ananama akhoza kuletsedwa kulowa m'dzikolo kwa zaka 10. Ngakhale atapanda kugwidwa, amakafika alibe chodya, fizi ikumudikira, ndipo amayamba kuthyola malamulo ena kuti akwirire bodza loyamba lija. Mkhristu wosunga lamulo lachinayi sangayambe ulendo wake ndi kuswa lachisanu ndi chinayi. Ngati ndalama sizinakwane, sukulu zambiri zimalola kusungitsa malo mpaka chaka chotsatira.

Njira zoongoka zilipo. Sikolashipu ya Chevening imalipira digiri yachiwiri ya chaka chimodzi kwa amene anagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo imafuna kuti wophunzira abwerere kwawo kwa zaka ziwiri akamaliza. Palinso ma sikolashipu a Commonwealth, ndi a Beit Trust amene amathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe pa maphunziro oposa digiri yoyamba. Ambiri mwa amenewa amatseka mafomu pafupifupi chaka chathunthu maphunziro asanayambe.

Makalata a ulendo ali ndi dongosolo lake

Nehemiya atapatsidwa chilolezo chopita ku Yerusalemu, anapemphanso mfumu makalata opita kwa akazembe a m'njira ndi kwa woyang'anira nkhalango, monga tiwerenga pa Nehemiya 2. Anali atapemphera ndi kusala kudya, koma sanaone kuti pemphero likulowa m'malo mwa makalata.

Yambani ndi pasipoti. Onani tsiku limene idzathere, ndipo onetsetsani kuti dzina lanu lalembedwa chimodzimodzi pa pasipoti, pa masatifiketi ndi pa chikalata cha banki. Sukulu ikakulandirani kotheratu imakupatsani nambala yotchedwa CAS, imene imatsimikizira boma kuti muli ndi malo. Nambalayi imagwira ntchito miyezi 6 ndipo imagwiritsidwa ntchito kamodzi kokha. Aliyense wokhala ku Malawi, Zambia kapena Zimbabwe amene akupita kwa miyezi yoposa 6 ayenera kuyezetsa chifuwa chachikulu ku chipatala chovomerezedwa ndi boma la Britain. Satifiketi yochokera ku chipatala china chilichonse, ngakhale chodziwika bwino, silandiridwa, ndipo yovomerezekayo imatha pakapita miyezi 6. Ena ochita maphunziro apamwamba a sayansi ndi uinjiniya amafunikanso chilolezo chotchedwa ATAS, chimene chimatenga masabata angapo.

Mukhoza kufunsira viza kutatsala miyezi 6 kuti maphunziro ayambe, ndipo yankho kawirikawiri limatuluka pakapita masabata atatu kuchokera pamene mwajambulitsa zala ndi nkhope. Nthawi zina amakuitanani kuti akufunseni chifukwa chimene munasankhira sukuluyo ndi maphunzirowo, ndiye amene anangolemberedwa mafomu ndi wina amasowa choyankha. Masiku ano viza imasungidwa pa intaneti, yolumikizidwa ndi pasipoti yanu, choncho tsegulani akaunti yake ndi kuiyesa musananyamuke. Tikiti ya ndege ikhale yomaliza kugulidwa, viza itatuluka. Palibe ndege yochoka ku Malawi kupita ku Britain mwachindunji, ndipo ambiri amasinthira ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Posankha tsiku, werengerani maola onse a ulendo kuti Sabata lisakupezeni m'njira.

Okwatira adziwe kuti kuyambira mu Januwale 2024 ophunzira ambiri saloledwa kutenga mkazi, mwamuna kapena ana, kupatula ochita maphunziro a kafukufuku monga PhD ndi otumizidwa ndi boma. Kusiyana chaka chathunthu kapena kuposerapo si nkhani yoti mmodzi agamule yekha. Ikambidwe ndi banja lonse, ndi pemphero.

Dzuwa la kumeneko sililowa ngati la kuno

Kuno kwathu Sabata limalowa pakati pa 5 koloko ndi hafu pasiti 6 madzulo chaka chonse, ndipo makalasi a Lachisanu amakhala atatha. Ku Britain sizili choncho. Mukafika kumapeto kwa Seputembala, dzuwa la ku London limalowa cha m'ma 6:40 madzulo, ndipo mukayang'ana ndondomeko ya makalasi mumaona ngati palibe vuto. Koma masiku amafupika mofulumira, ndipo Lamlungu lomaliza la Okutobala mawotchi amabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi. Kumayambiriro kwa Novembala dzuwa limalowa cha m'ma 4:30, ndipo pakati pa Disembala limalowa nthawi isanakwane 4 koloko masana. Ku Scotland limalowa msanga kuposa apo. Kalasi ya Lachisanu yoyamba 3 koloko ndi kutha 5 koloko, imene inalibe vuto mu Okutobala, imakhala italowa m'Sabata. Mu Juni zinthu zimatembenuka, popeza Sabata limatuluka nthawi itapitirira 9 koloko usiku.

Musananyamuke, pezani pa intaneti nthawi ya kulowa kwa dzuwa ya mzinda wanu ya chaka chonse, ndipo lembani nthawi ya Lachisanu lililonse pa kalendala. Ndondomeko ya makalasi ikangotuluka, iyerekezeni ndi kalendalayo. Mayunivesite ena amalembetsanso mayeso Loweruka, makamaka mu Januwale ndi m'miyezi ya Meyi ndi Juni.

Lamulo la Equality Act la 2010 limaletsa kusala munthu chifukwa cha chipembedzo chake ku England, Scotland ndi Wales, ndipo mayunivesite ambiri ali ndi fomu imene wophunzira amadzaza kuti mayeso asagwere pa tsiku lake lopembedza. Lamuloli silitanthauza kuti pempho lililonse livomerezedwa. Fomu ija imakhala ndi tsiku lotsekera, kawirikawiri kumayambiriro kwa temu, ndipo wobwera mayeso atatsala sabata imodzi amapeza khomo lotseka. Pitani ndi kalata yochokera kwa abusa anu yotsimikizira kuti ndinu membala ndi yofotokoza kuti Sabata limayamba dzuwa litalowa Lachisanu ndi kutha dzuwa litalowa Loweruka. Anthu ambiri kumeneko amadziwa zimenezi kudzera mwa Ayuda, koma sanamvepo za Akhristu osunga tsiku lomwelo.

Tsatirani njira ya Danieli. Lemberani mphunzitsi woyang'anira maphunziro anu sabata yoyamba yomwe, fotokozani mwachidule, ndipo perekani njira: kusamukira ku gulu lina limene limakumana tsiku lina, kumvera kalasi yojambulidwa Lamlungu, kapena kupereka ntchito nthawi isanakwane. Musangojomba mwakachetechete. Sukulu zimalemba amene akubwera m'kalasi chifukwa boma limazilamula kutero, ndipo wophunzira wa kunja amene akusowa popanda chifukwa chodziwika akhoza kuchotsedwa ndi kutaya viza yake. Ochita unamwino ndi udokotala, amene amapita kukaphunzira m'zipatala, akambiraneni ndi abusa ndiponso akhristu ogwira ntchito za chipatala musanapite, kuti mudziwe malire anu pakati pa kuthandiza wodwala ndi kungokwaniritsa maola a sukulu.

Ganyu ndi maso a kumudzi

Wophunzira wa digiri amaloledwa kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata sukulu ili mkati, ndi maola onse pa tchuthi. Saloledwa kudzilemba yekha ntchito kapena kuchita bizinesi, ndipo izi zikuphatikiza maganyu ambiri operekera chakudya pa njinga. Kupitirira maolawa n'kuthyola malamulo a viza. Maola 20 angathandize pa chakudya ndi basi, koma sangalipire fizi, choncho asakhale maziko a bajeti yanu.

Ntchito zimene ophunzira amapeza msanga ndi za m'masitolo, m'malo odyera, m'nyumba zosungira katundu ndi zosamalira okalamba, ndipo zambiri zimafuna anthu Loweruka. Nenani za Sabata pa tsiku lofunsidwa mafunso, musanasayine, ndipo dziperekeni kugwira Lamlungu kapena madzulo a masiku ena, nthawi imene ena saifuna. Mwina mudzakanidwa kangapo. N'chifukwa chake ndalama za miyezi yoyamba ziyenera kukhalapo zenizeni, popeza njala ndi lendi ndizo zimakankhira ambiri ku shifiti ya Loweruka.

Achibale nawo akufunika kuphunzitsidwa. Kwa ambiri, munthu akakwera ndege ndiye kuti walemera, ndipo mafoni opempha fetereza, fizi ndi chithandizo cha maliro amayamba mwezi woyamba womwe. Itanani banja musanapite, lionetseni bajeti yanu ya mwezi m'mapaundi, ndipo gwirizanani zimene mungathe ndi zimene simungathe. Mugwirizanenso ndi Mulungu za chakhumi ndi zopereka pa ndalama zimene muzikalandira, ndalamazo zisanafike m'manja.

Chakudya, thanzi ndi katundu

Ufa wa chimanga, nyemba, mtedza ndi masamba zimapezeka m'masitolo ogulitsa zakudya za ku Africa ndi ku Asia, choncho musadzaze chikwama ndi ufa. Phunzirani kuphika musanapite, anyamata ndi atsikana omwe, chifukwa kudya m'malo odyera kumatha ndalama msanga. Nyama ndi za mkaka siziloledwa kulowa nazo m'dzikolo kuchokera kuno, pamene nsomba zouma zimaloledwa pa mlingo wake. Zolowerani kuwerenga zolembedwa pa mapaketi. Maswiti ambiri ofewa amakhala ndi gelatine, imene nthawi zambiri imachokera ku nkhumba, ndipo zophikaphika zina zimakhala ndi mafuta otchedwa lard, amenenso ndi a nkhumba. Zakudya zopanda nyama zimakhala ndi chizindikiro chake. Sabata yolandirira ophunzira atsopano imadzaza ndi maphwando a mowa, koma kukana chakumwa mwaulemu n'kovomerezeka, ndipo pali magulu a masewero, a nyimbo ndi a ntchito zachifundo kumene mungapeze anzanu.

Mukafika, lembetsani msanga kwa dokotala wa m'dera lanu, musadikire kudwala. Funsani za katemera wa chikuku ndi wa matenda oumitsa khosi, amene ophunzira atsopano amalangizidwa kulandira. Mukatentha thupi m'miyezi yoyamba, uzani dokotala kuti mwachokera ku dziko la malungo, popeza madokotala a kumeneko saaganizira msanga. Chifukwa cha kuchepa kwa dzuwa, a zaumoyo amalangiza kumwa vitamini D wokwana mamaikulogalamu 10 pa tsiku m'nyengo yozizira, ndipo a khungu lakuda amalangizidwa kutero chaka chonse. Mdima wa nyengoyo umabweretsanso chisoni ndi kusungulumwa kwa ambiri. Si kuchepa kwa chikhulupiriro. Yunivesite iliyonse ili ndi alangizi, ndipo kuwaona sikuchititsa manyazi. Pa ngozi imbani 999, ndipo pa matenda osafulumira kwambiri imbani 111.

M'chikwama chokwera nacho m'ndege mukhale pasipoti, kalata ya sukulu, satifiketi ya chifuwa chachikulu, umboni wa ndalama, masatifiketi enieni, adiresi ya kumene mukagone usiku woyamba, juzi, Baibulo ndi mankhwala amene mumamwa limodzi ndi kalata ya dokotala. Jambulani mapepala onse ndi kusiya makope kwa makolo. Mapulagi a magetsi ndi ofanana ndi athu. Jekete lolemera mukagule komweko, m'masitolo a zovala zakaunjika a mabungwe achifundo. Za nyumba, musatumize ndalama ya chikole kwa munthu wa pa Facebook pa chipinda chimene simunachione. Chaka choyamba n'kwabwino kugona m'nyumba za yunivesite.

M'kalasi mudzapeza aphunzitsi amene amafuna kutchulidwa dzina lawo loyamba ndiponso amayembekezera kuti muwatsutse ndi zifukwa. Mlandu waukulu kumeneko ndi kutenga mawu kapena maganizo a wina osamutchula, kuphatikizapo kugula ntchito yolembedwa kale. Chilango chake chikhoza kufika pa kuchotsedwa sukulu. Phunzirani katchulidwe ka mabuku musanalembe ntchito yoyamba.

Pezani mpingo musanapeze tikiti

Mpingo wathu uli ndi koleji ya Newbold ku Binfield, m'dera la Berkshire, koma ambiri a inu mudzaphunzira m'mayunivesite ena kumene mwina mudzakhala Muadiventisti yekha m'kalasi. Likulu la mpingo ku Britain ndi Ireland lili ku Watford, ndipo tsamba lake la intaneti limaonetsa mipingo ya m'mizinda yosiyanasiyana. Pezani mpingo wa pafupi ndi sukulu yanu, lemberani abusa kapena mkulu wake, ndipo auzeni tsiku limene mukufika. Funsaninso ngati pali gulu la ophunzira Achiadiventisti pansi pa nthambi ya Public Campus Ministries.

Sabata loyamba ndi lofunika koposa. Mudzakhala otopa, kunja kukuzizira, njira simukuidziwa, ndipo palibe amayi okudzutsani. Wogona Sabata loyamba amagona lachiwiri mosavuta. Kumvera ulaliki wa kwanu pa YouTube kumatonthoza, koma foni singakuchezereni m'chipatala kapena kukuitanirani nkhomaliro. Mpingo umene mukaupeze ukhoza kuimba mosiyana ndi kwanu, ndipo mukhala anthu a ku Jamaica, Ghana, Zimbabwe, Romania ndi Philippines pa benchi imodzi. Musapite kukayeza mpingowo ndi wa kwanu. Pemphani chochita, kaya m'kwaya, m'kalasi ya ana kapena ku Pathfinder.

Dongosolo la mpingo limalangiza kuti membala wosamuka kwa miyezi yoposa 6 asamutse umembala wake. Mumauza mlembi wa mpingo umene mwafikako, ndipo iye amalembera mlembi wa mpingo wa kwanu kupempha kalata. Mpingo wotsala nawo usaone ngati ntchito yatha pa tsiku lotsanzikana. Sankhani mkulu mmodzi kapena mtsogoleri wa achinyamata woti aziimbira wophunzirayo mwezi uliwonse, kumufunsa za moyo wake, osati za ndalama.

Kukhala bwino kwa eni, kukumbukira kwanu

Pa Yeremiya 29, mneneri analembera andende a ku Babulo kuti akhazikike, alime minda, afunire mzindawo zabwino ndi kuupempherera, koma m'kalata yomweyo anawakumbutsa kuti nthawi yobwerera idzafika. Wophunzira wa kunja ali ndi maitanidwe awiri omwewo. Lemekezani malamulo a eni dziko, khalani mnansi wabwino, pezani abwenzi a mitundu ina. Nthawi yomweyo lembani pa pepala, musananyamuke, chifukwa chimene mukupitira ndi amene maphunziro anu adzawathandize. Viza ikatha, musakhale mozemba. Ukayenda siya phazi, chifukwa mbiri imene mudzasiye idzatsegulira kapena kutsekera khomo amene akubwera pambuyo panu.

Ezara asananyamuke ndi gulu lake kuchoka ku Babulo, anaima masiku atatu pa mtsinje wa Ahava. Anawerenga anthu, anapeza kuti Alevi akusowa ndipo anawaitanitsa, anayeza siliva ndi golide pa sikelo ndi kuzipereka kwa anthu odalirika, ndipo analengeza kusala kudya kupempha Mulungu ulendo wabwino. Nkhaniyi ili pa Ezara 8. Sabata yomaliza musanapite ikhale yotero: onaninso mapepala, werenganinso ndalama, ndipo patulani tsiku lopemphera pamodzi ndi banja.

Mafunso okambirana

1. Ndi zinthu ziti zitatu zimene simungasinthe ngakhale zitakutayitsani ntchito kapena mayeso? Kodi munazifotokozapo kwa munthu wosakhala wa mpingo wathu m'mawu osavuta?

2. Mnzanu wapeza malo koma ndalama zake zaperewera pang'ono, ndipo wina walonjeza kumukonzera chikalata cha banki. Mungamulangize chiyani, nanga mpingo ungamuthandize bwanji?

3. Yesani kulemba kalata ya ziganizo zisanu yopita kwa mphunzitsi, yopempha kusintha kalasi ya Lachisanu madzulo. Muli pempho lokha, kapena mulinso njira yothetsera vuto?

4. Ndi angati a mumpingo wanu amene ali pa sukulu kunja kwa dziko lino? Ndani analankhula nawo komaliza, ndipo linali liti?